Voti Yomaliza ya Bambo Kálmán

Darvaskút, Hungary
2 Malichi

Okondedwa achimwene Vilmos,

Ndikhulupirira muli bwino ku Holland komweko, ndiponso kuti chifuwa chija chinatha. Kuno tikudzuka, ine ndi Bambo. Pepani kuti pa foni ndimangoti eya, eya. Mawu amandithawa. Papepala zimakhalako bwino chifukwa ndimayamba ndalemba pambali, kenako n'kukopera.

Bambo ali chimodzimodzi. Dzanja lamanja ndi mwendo sizinabwerere chidwalireni sitiroko, ndipo mawu otsala ndi atatu omwe aja: "madzi", "iyayi", ndi dzina langa. Koma mutu uli bwinobwino. Kalata yanu ikafika amafuna ndiwawerengere kawiri.

Ine ndikadali pa ntchito ya khonsolo. Tikufesa minkhaka m'nyumba za pulasitiki zija. Lolemba a meya anabwera kumundako ndi galimoto yodzaza mbatatesi, thumba limodzi khomo lililonse. Ananena kuti chisankho ndi mwezi wamawa, ndipo mayina a anthu opitiriza ntchito adzatuluka mu Meyi. Sanawonjezere china. Amene anamalizitsa ndi mayi Jolán, alongo awo a meya, omwe ali kapitawo wathu. Anati, "Munthu wopanda chobisa katani amaifuniranji? Tebulo lilipo. Mungochonga poyera, tikadye nkhomaliro." Mnzanga wa kuntchito Rozi anati, "Ine katani ndimatseka posamba pokha, ndiyenso Loweruka lokha." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Ntchito yochapa ndi kusita makatani a tizipinda tovoteramo andipatsa ine. Ati ndimasamala.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi. Nditawauza Bambo za chisankho, analoza kabati, osatsitsa dzanja mpaka ndinatulutsa chipewa chawo cha ku njanji. Mukukumbukira kuti sanajombepo kukavota. Ankavala malaya oyera ndi chipewa chimenechi, n'kukatseka katani, ndipo tikawafunsa kuti mwavotera ndani, ankangoika chala pakamwa. Ngakhale Mayi anamwalira osadziwa.

Ndafunsa ku ofesi. Ati odwala amawabweretsera bokosi kunyumba ngati walembetsa, ndipo ndalembetsa. Atinso mizere iwiri iyenera kukumana mkati mwa kabwalo ka papepalalo, apo ayi voti yawonongeka. Ndiye ndatenga kalendala yakale, ndajambula timabwalo kuseri kwake ndi chivindikiro cha botolo, ndipo ndikaweruka amayeserera kulemba mtanda ndi dzanja lamanzere. Dzulo pa timabwalo khumi anakhoza titatu.

Mundiuze za kumeneko. Kodi mukudyako chakudya chotentha?

Ndine mlongo wanu,
Piroska


Venlo, Holland
13 Malichi

Piri wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa mdala. Chifuwa chinatha, panopa walowa m'malo ndi msana. Tsiku lonse ndimanyamula mabokosi a tomato wosanunkhira kanthu. Chakudya chotentha ndimadya Lamulungu, mnzanga Laci akaphika supu ya nyemba imene Mayi akanaithira kwa nkhumba.

Mbali iyi uwawerengere Bambo. Bambo, limbikirani sukulu ya mitandayo. Mphunzitsi wanuyo ndikumudziwa, ndi wovuta koma samenya. Munthu amene anakweza ndi kutsitsa chotchingira msewu wa sitima zaka makumi atatu osaphonya ngakhale kamodzi, angalephere timizere tiwiri?

Mbali iyi ndi yako wekha. Mbatatesizo idyani, sizinalakwe kanthu. Koma tayang'ana bwino mudzi wathuwo. Sitima inasiya kuima. Dokotala amabwera Lachinayi lokha, ndiye uzidwala Lachitatu madzulo. Anzanga onse a kalasi imodzi tili kunja, ena kuno, ena ku Austria. Ndiye otsalanu mukagulitse zaka zinayi ndi thumba limodzi? Jolán akufunsa kuti katani ndi ya chiyani. Umuuze kuti ndi yoti asaone iyeyo.

Usakachonge patebulo, Piri. Katani ukuchapa wekhayo ukaitseke. Ine ndidzakwera sitima maola awiri ndi theka kupita ku ofesi ya kazembe ku Hague, ndikaime pamzere ngakhale tsiku lonse. Iwe ndi kungodumpha msewu basi.

Undiuze mmene sukulu ikuyendera.

Mchimwene wako,
Vilmos


Darvaskút
26 Malichi

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu inafika bwino. Bambo anaseka pa nkhani ya mphunzitsi wovuta, kukamwa kwa mbali imodzi kuja. Msanawo muzipakako mankhwala.

Musakwiye ndi zimene ndilembe. Ndaziganizira masiku asanu. Inu mukavota mudzabwerera kwa tomato wanu, ndipo palibe adzakufunseni kanthu. Ine ndikavota ndidzakumana ndi mayi Jolán Lolemba m'mawa. Kuno munthu akangolowa n'kutseka katani, onse adziwa kale. Chisankho chapitacho bambo Feri, anzathu a kuntchito, anatseka, ndipo dzina lawo silinatuluke mu Meyi. Palibe anawauza chifukwa. Ntchito iyi ndi yokhayo imene imandilola kuthamangira kunyumba masana kudzawatembenuza Bambo ndi kuwamwetsa. Fakitale ya ku tauni basi yake imanyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Angawaone ndani?

Ndiye ndakonza chonchi. M'mawa wa tsikulo ndidzapita woyambirira, ndidzachonga patebulo mmene akufunira, andione onse. Akakhutira ndi ine, sadzavutika ndi munthu wodwala. Bokosi lidzabwera kunyumba masana. Ndidzawakonzera obweretsa bokosiwo khofi ndi timikate ta tchizi kukhitchini, Bambo adzatsale okha ndi pepala lawo. Voti yanga ipite, koma yawo ikhale yawo. Mwina ndi yomaliza. Dokotala sananene choncho, koma ndinaona mmene anatsekera chikwama chake.

Panopa pa timabwalo khumi amakhoza tisanu ndi titatu. Vuto linali lakuti dzanja silifika pena paliponse mofanana, ndiye ndimafunika kudziwa malo oti ndijambule kabwalo. Ndinabweretsa chitsanzo cha pepala lovotera chimene apachika ku ofesi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine, n'kuika chala chawo pamalo amodzi. Achimwene, ndine munthu woyamba amene Bambo anamuuzapo voti yawo. Ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu oyera kale.

Sindikuuzani pamene analoza. Musandifunse.

Mlongo wanu,
Piroska


Venlo
9 Epulo

Piri,

Moni nonse. Basi, olamula apambananso. Laci anaponya nsapato pa TV, mwamwayi anaphonya chifukwa TV-yo ndi ya mwini nyumba.

Za iwe sindinena zambiri. Unandiuza kale zimene udzachite, ndipo ndikhulupirira unazichita mosamala monga mwa nthawi zonse. Jolán ayenera kuti anakusisita pamutu.

Koma ndinatsegula pa foni zotsatira za mudzi uliwonse, ndipo ndinaupeza wathu. Olamula 214. Otsutsa 17. Piri, ndinakhala pa bokosi la tomato n'kulira ngati mwana, kapitawo wanga akuganiza kuti ndapwetekedwa. Sufunika kundiuza pamene analoza. Ndimawadziwa mdala.

Mbali iyi uwawerengere mokweza, usadumphe liwu. Bambo, mwa anthu khumi ndi asanu ndi awiri amene sanagwade m'mudzi mwathu, mmodzi ndi inu. Anthu a manja awiri ndi miyendo iwiri anachonga patebulo, inu munalemba ndi dzanja lamanzere muli gone. Ndauza aliyense kuno, ngakhale Apolishi amene samva chilankhulo chathu. Ndikunyadirani.

Wakhala chete pa foni sabata yonseyi kuposa kale. Ngati wakwiya nane, kwiya, koma undilembere mmene zinayendera. Anavala chipewa?

Vilmos


Darvaskút
22 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Sindinakwiye.

Chipewa anavala. Malaya oyera ndinasita. Kalata yanu ndinawawerengera.

Bambo sakudya bwino. Supu amamwa masipuni atatu, kenako amatembenukira kukhoma. Dokotala anabwera Lachinayi, ati chifuwa chadzaza madzi. Ngati angakuloleni kuntchito, bwerani mwezi uno usanathe. Musadikire tchuthi cha Ogasiti.

Pepani kuti yafupika.

Piroska


Darvaskút
30 Meyi

Okondedwa achimwene Vilmos,

Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera. Zikomo kuti munabwera kumaliro, ngakhale kwa masiku awiri okha. Maluwa a pamanda ndikuthirira. Kalata iyi ndaikopera kanayi. Ndikupemphani muiwerenge mutakhala pansi, ndipo mufike nayo kumapeto.

Tikuchokera kumanda, pa chakudya chija, munaimirira ndi kapu m'manja n'kuwauza mayi Jolán pamaso pa anthu kuti, "Bambo anga sanagulidwe ndi mbatatesi." Iwo anayankha kuti, "Analidi munthu wolimba, Vili." Inu simunaone, koma ponena mawuwo ankayang'ana ine. Ndikufuna mudziwe chifukwa chake.

Tsiku la chisankho ndinachita zonse mmene ndinakonzera. Ndinachonga patebulo isanakwane seveni. Ndinawameta Bambo, ndinawaveka, ndinawakhazika ndi mapilo atatu, thireyi pamaondo. Loweruka lake anali atakhoza timabwalo tonse khumi.

Bokosi linafika cha m'ma thuu koloko. Analibweretsa anthu awiri, bambo Gyuszi amene kale ankagawa makalata, ndi mayi Jolán. Sindinaganizeko kuti angabwere iwo eni. Bambo Gyuszi atangomva fungo la timikate anati, "Kálmán, iwe vota, ine ndikaone ngati mwana wakoyu sanapsereze," n'kulowa kukhitchini. Mayi Jolán anati khofi amawathamangitsa mtima. Analowa kuchipinda, anati, "A Kálmán, mwatchena ngati mukukwatira," n'kuima kumutu kwa bedi, ati awawongolere pilo. Sanachokeponso.

Ndinali nditaloweza mawu oti ndinene zikavuta. Ndimafuna kunena kuti, chonde tiyeni tiime pawindo. Ndinawayeserera ndikusita makatani. Anandithawa.

Dzanja la Bambo linalephera kugwira bolopeni, zimene silinkachita tikakhala awiri. Bolopeni inagwa. Ndinatola. Inagwanso. Mayi Jolán anati, "Asavutike mdala. Lamulo limalola kuti wachibale athandize. Alembere iwe, Piri." Bambo anakankhira bolopeni kwa ine ndi chala chawo. Anandiyang'ana, anati, "Piri." Sanachite mantha ngakhale pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti ndikudziwa.

Munaganiza bwino, achimwene. Analoza kabwalo kam'munsi, ka otsutsa. Bolopeni ndinaifikitsa pomwepo.

Sindingawanamizire mayi Jolán. Sanandiopseze. Sanatchule za ntchito kapena za Meyi. Ankangopuma kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamva fungo la mafuta awo a m'tsitsi. Ndinaona dzanja langa likukwera pamwamba pa pepala. Ndinalemba mtanda pa kabwalo ka olamula. Unali wowongoka bwino, mizere yonse mkati.

Bambo anati, "Iyayi." Kamodzi kokha, motsitsa.

Mayi Jolán anafunsa kuti, "Akuti chiyani?"

Ine ndinati, "Akufuna madzi."

Ndinapinda pepala, ndinaliika mu envelopu, ndinaponya m'bokosi. Ndinawabweretseradi madziwo. Bambo Gyuszi anatenga timikate tiwiri ta m'njira. Atapita, Bambo anavula okha chipewa ndi dzanja lamanzere lija, n'kuchiika pambali. Nthawi imeneyo dzanjalo silinalephere.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira, dzina langa sanalitchulenso. "Madzi" ankanena. "Iyayi" ankanena. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, iwo akuyang'ana khoma.

Kenako inafika kalata yanu ija. Munati ndisadumphe liwu, ndipo sindinadumphe. Nditafika pakuti "ndikunyadirani", ndinalephera kupitiriza. Ndinati, "Bambo, ndimuuza Vilmos zoona." Anatembenuka, anakweza dzanja, n'kuika chala pakamwa. Ndinamva. Sankafunanso kumva mawu anga. Ndinatuluka.

Ndiye mwa anthu khumi ndi asanu ndi awiri aja, Bambo mulibe. Muwauze anzanu, kapena musawauze, zili kwa inu. Dzina langa linatuluka mu Meyi, ndili wachitatu pa mndandanda. Panopa masana sindithamangiranso kunyumba. Ndimadya ndi anzanga pansi pa mtengo.

Ngati simundiyankha ndidzamvetsa.

Mlongo wanu,
Piroska


Venlo
11 Juni

Piri mlongo wanga,

Moni. Ndafika nayo kumapeto. Tsiku loyamba ndinakutukwana ndili ndekha, ndisakubisire. Tsiku lachiwiri ndinayamba kulemba, n'kung'amba. Ine kukopera sindinazolowere.

Ku Hague sindinapite. Kuti munthu avote ku ofesi ya kazembe amayenera kulembetsa pasadakhale. Ndinkadziwa. Ndinkati ndichita mawa. Pamene ndinatsegula foni kuti ndilembetse, tsiku lomaliza linali litadutsa dzana lake. Lamulungu limenelo, iwe ukusita malaya oyera, ine ndinali kochapira zovala, ndikuyang'ana masokosi anga akuzungulira. Palibe Jolán anaima kumbuyo kwanga. N'chifukwa chake ndinakakamira kwambiri pa voti ya mdala, ndipo n'chifukwa chake ndinaimirira ndi kapu ija. Ndinakusenzetsa kalata yoti uwerenge mokweza, ine ndilibe n'kamtanda komwe.

Tsopano tamvera. Ukuti anaika chala pakamwa chifukwa sankafuna kumva mawu ako. Kodi Bambo anakutontholetsapo ndi chala? Akafuna tikhale chete ankamenya tebulo, waiwala? Chala pakamwa chinali cha chinthu chimodzi chokha, ndipo unandikumbutsa wekha m'kalata yako ya mu Malichi. Chinali cha tsiku la voti, tikamawafunsa. Zochitika kuseri kwa katani sizinenedwa. Ine ndikuona ngati ankakuuza kuti, usamuuze, zikhale za ife awiri. Ankandidziwa pakamwa. Ankakutchinga kwa ine.

Sindikunena izi kuti ndikusangalatse. Sindinaliko. Koma ndikukhulupirira choncho.

Ndibwera mu Ogasiti. Undisungireko minkhaka.

Vilmos


Darvaskút
24 Juni

Okondedwa achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndaiwerenga kawiri, monga tinkachitira.

Za chalacho, mwina mukunena zoona. Ndayesa kukumbukira nkhope yawo nthawi imeneyo, koma ndinali nditayang'ana pansi. Dzina langa sanalitchule ndithu. Zimenezo ndikuzidziwa, chifukwa ndinkamvetsera tsiku lililonse.

Za ku Hague sindinena kanthu. Muzidya bwino.

M'envelopumu mupeza tsamba la kalendala, la Loweruka lija. Timabwalo khumi, mitanda khumi. Muone wachisanu ndi chiwiri mmene unakhalira bwino. Masamba ena onse ndasunga ine, pamodzi ndi chipewa. Musalipinde kwambiri.

Dzulo mayi Jolán anandituma kukalongedza zinthu za chisankho m'chipinda chosungiramo katundu, ati zakhalitsa pakona. Makatani aja ndimati ndiwachape ndisanawaike. Nditawatambasula ndinapeza kuti palibe chochapa. Imodzi yokha ndiyo inali ndi kadontho m'mphepete, pogwira dzanja potseka. Ena onse akadali ndi mizere ya simbi yanga.

Yakadonthoyo sindinaichape. Ndinaipinda choncho, n'kuiika pamwamba.

Ndine mlongo wanu,
Piroska